Nyumba ya Sayansi ndi Ana a ku Migodi

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nyumba zatsopano zophunziriramo sayansi zimene masukulu akuru a Yunivesite ali kumanga masiku ano, ndiponso za maphunzitsidwe amene nyumbazo zimangidwira. Kapena wina mwa inu ati, "Za ku Yunivesite zitikhudza bwanji ife a piki ndi fosholo?" Dekhani pang'ono, bambo. Ndarama zolipirira mwana kusukuluko zituruka m'thumba mwanu, ndipo mwala umene mwanayo akauyese pa tebulo ndi womwewo mukumba inu.

Silobela ndi dziko la kumadzulo kwa Kwekwe. Anthu ace alima cimanga ndi kuweta ng'ombe monga alimi ena onse, koma cimene cinachukitsa dzina la malowo ndi golide. Kumeneko kuli mgodi wa Jena, ndipo m'thengo muli maenje osawerengeka a anthu okumba paokha, amene eni dziko awacha makorokoza. Musawapeputse anthu amenewa. M'caka ca 2024 golide amene anaperekedwa ku nyumba yoyengera ya Fidelity anaposa matani 36, ndipo woposa theka anacokera kwa okumba ang'onoang'ono, osati ku makampani akuru ai.

Koma golideyo apezeka ndi mtengo wowawa. Ambiri amkoka ndi mankhwala aja onyezimira ngati siliva wosungunuka, ochedwa mercury. Apera mwala, asakaniza ufa wace ndi mankhwalawo, golide namamatira, kenaka aocha kampira kace pamoto. Mercury iwira pa madigiri 357, pamene golide sasungunuka kufikira madigiri 1,064. Cotero mercury icoka ngati nthunzi, golide natsala. Nthunzi imeneyi siioneka, ndipo iribe pfungo, koma ilowa m'mapapo a woochayo ndi a mwana ali kumbuyo kwa amace, niononga mitsempha ndi impso pang'onopang'ono, kufikira manja ayamba kunjenjemera. Ina igwera mumtsinje nilowa m'nsomba. Anthu a ku Minamata, m'dziko la Japan, anazindikira nthenda yace m'caka ca 1956, atadya nsomba za m'nyanja imene fakitale inali kutayiramo zonyansa. Ndipo ku Kwekwe konko, mu March 2023, pansi pa kalasi ya sukulu ya Globe and Phoenix panatitimira ana ali mkati, cifukwa okumba golide anali atafukula kunsi kwace, ndipo ana angapo anabvulala. Zonsezi ndi mafunso a sayansi, ndipo oyenera kuwayankha ndiwo ana a komweko, amene adzamwa madzi a mitsinje imeneyo moyo wao wonse.

Kale mwana wa m'maiko athu atatuwa akafuna maphunziro apamwamba anali kupita ku Fort Hare ku South Africa, kapena ku Makerere ku Uganda, ndipo opitawo munali kuwawerenga ndi zala. Mwala woyamba wa University College of Rhodesia and Nyasaland unaikidwa m'caka ca 1953, ndipo ophunzira oyamba, osafika ndi 100 omwe, analowa pa Mount Pleasant mu 1957, mumzinda umene lero tiucha Harare. Madigiri ao anali a London. Citaganya citatha mu 1963, dziko liri lonse linamanga yaceyace: Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ya Zambia mu 1966. Pambuyo pace kunabwera Copperbelt University ku Kitwe mu 1987, ndi Malawi University of Science and Technology pa Ndata, ku Thyolo, mu 2014. Cigawo ca Midlands, ngakhale ndico ciri ndi golide, chrome, platinum ndi citsulo, cinadikira kufikira caka ca 2000, pamene Midlands State University inatsegulidwa ku Gweru, pa maziko a sukulu ya aphunzitsi imene inali pamenepo. Kenaka anatsegula nthambi ku Zvishavane, mzinda wa mgodi wa asbestos wa Shabanie, naikako maphunziro a migodi.

Ca m'ma 2018 Boma la Zimbabwe linati Yunivesite isamangophunzitsa, kufufuza ndi kuthandiza anthu oizungulira monga kale, koma ionjezepo nchito zina ziwiri: kuturukira zinthu zatsopano, ndi kuzisandutsa katundu wopangidwa m'fakitale. Maganizo amenewa anawacha Education 5.0, cifukwa nchitozo ndi zisanu. Pamenepo anamanga nyumba zapadera, zimene pa Cingerezi azicha innovation hub, ku Harare, ku Bulawayo, ku Chinhoyi ndi ku Gweru, m'mene ophunzira ndi aphunzitsi a nthambi zosiyana akomana kuyesa maganizo ao ndi manja. Mliri wa Covid utafika mu 2020, a ku Gweru anapanga mankhwala osambira m'manja ndi zophimba pakamwa; ku Zvishavane anayamba kumanga fakitale ya phula la m'miseu locokera ku malasha.

Tsono nyumba ndi njerwa cabe. Cimene ndifuna mumvetsetse ndico makhalidwe a anthu m'kati mwa cipinda.

Tonse tidziwa kalasi ya kale. Mabenci ali m'mizere, ana onse ayang'ana kutsogolo, mphunzitsi ali pa bolodi ndi coko m'manja, ndipo mau akuru a tsikulo ndi akuti, "Lembani." Ife amene tinaphunzira uphunzitsi tinauzidwa kuti kalasi yabwino ndi ya zii. Ku Yunivesite cipindaco cingokula: mipando ikwera ngati makwerero, anthu mazana angapo akhala cete ola lathunthu, mmodzi yekha ali kulankhula. Mwana aloweza kuti asidi akagwera pa mwala wa laimu paturuka mpweya wakuti, nakhoza mayeso, cikhalirenico sanaonepo thobvu lace.

Cipinda catsopano cimangidwa mwa mtundu wina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wina wa physics, Robert Beichner, wa ku North Carolina State University ku America, anacotsa mizere ija naika matebulo ozungulira. Pa tebulo liri lonse pakhala anthu 9, ogawidwa m'timagulu titatu ta anthu atatuatatu. Makoma onse ali ndi mabolodi, kuti gulu liri lonse lilembe mayankho ace poyera. M'cipindamo mulibe kutsogolo, mulibe kumbuyo, kotero mulibenso benci lija la kungodya kumene aulesi akonda kubisala. Mphunzitsi akhala pakati, koma nthawi zambiri ali kuyendayenda, kumvetsera mikangano ya pa matebulo. Sukulu yochuka ya MIT inamanga cipinda cotere mu 2001, ca matebulo 13, ndipo kuyambira pamenepo masukulu ambiri m'maiko ambiri atsanza. Ophunzira awerengeratu mutu wa tsikulo asanabwere. Akalowa apeza funso, kapena mawaya ndi mabatire, kapena mwala ndi sikelo, ndipo ola lonse lithera pa kuyesa, kulakwa ndi kuyesanso.

Kuti mumve kukoma kwace, tiyeni tiyese pompano. Inu amene mwazungulira wailesi ndinu gulu langa. Munthu aponya mwala m'dzenje la mgodi lakuya mamita 20, ndipo mwalawo ufika pansi atapita masekondi awiri. Apita pa dzenje lina, aponyanso mwala, koma uwu utenga masekondi anai. Kodi dzenje laciwirili ndi lakuya mamita angati? Yense ayankhe yekha mumtima. Tsopano tembenukirani kwa mnzanu ali pafupi, mumuuze yankho lanu ndi cifukwa cace.

Ndidziwa kuti ambiri mwati mamita 40, pakuti anai ndi awiri kawiri. Koma kapena pali mmodzi pakati panu amene wati, "Iai, mwala ukamagwa liwiro lace limka licuruka; masekondi awiri omarizawo uthamanga koposa oyambawo." Ameneyo ndiye wakhoza. Dzenjelo ndi la mamita pafupifupi 80: nthawi ikacuruka kawiri, kuya kucuruka kanai. Ndikadangokuuzani 80 poyamba paja, mukadati "cabwino," mawa nkuiwala. Koma popeza munayamba mwanena 40, ndipo mnzanu wakutsutsani pamaso pa ena, yankholi likhala. Ndipempha cinthu cimodzi: musakayese zimenezi pa dzenje limene muli anthu.

Macitidwe awa a kufunsa, kuyankha, kukangana ndi mnzako ndi kuyankhanso anawachukitsa ndi Eric Mazur wa ku Harvard kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ataona kuti ophunzira ace anali kukhoza masamu obvuta koma kulephera mafunso apafupi ofuna kuganiza. Ndipo umboni wace ulipo. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzace anasonkhanitsa zofufuza 225 za makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya. Anapeza kuti m'makalasi ongomvetsera, mwa ophunzira 100 olephera anali ngati 34. M'makalasi ocita ndi kukambirana, olephera anali ngati 22. Inu amene munagulitsapo ng'ombe kuti mwana alowe sukulu mudziwa tanthauzo la ana 12 amenewo. Ndi ana 12 osabwerera kumudzi cimanjamanja.

Komabe musadabwe mwana wanu akabwera pa holide nadandaula kuti, "Aphunzitsi athu saphunzitsa, angotipatsa mafunso." Ku MIT komwe ophunzira ena analemba kalata yokana maphunzitsidwe amenewa. Ndipo mu 2019 ofufuza a ku Harvard anayesa magulu awiri pa phunziro limodzimodzi: omvetsera mphunzitsi wolankhula bwino anaturuka ali okondwa, nati taphunzira zambiri, obvutika ndi mafunso anaturuka ali otopa, nati taphunzira pang'ono. Pa mayeso, otopa aja ndiwo anapambana. Mlaliki wa pakamwa potsetsereka akoma m'makutu, koma kumva kukoma ndi kudziwa ndi zinthu ziwiri.

Pali cina cimene akuru ena anena, ndipo ndiyenera kucilemekeza. Ati, "Kwathu mwana satsutsa wamkuru. Mukaphunzitsa ana kukangana m'kalasi, adzakangana ndi atate ao kunyumba." Ine ndiona kuti apa tisokoneza mwano ndi kufunsa. Pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa munthu mmodzi atalankhula. Mbali zonse zinena, mboni zifunsidwa, nduna zitembenuza nkhani uku ndi uku, ndipo palibe anena kuti ndi mwano. Makolo omwewo ndiwo anati safunsa anadya phula. Ndipo taganizani za abambo athu amene anacoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata ndi ku Angonia, ena pansi, ena ndi Mthandizi, nadzakhala machona m'makomboni a dziko lino. Nchito ya pansi pa nthaka sanaiphunzire pa bolodi. Wacikulire anali kupatsa mnyamata citsulo nati, "Gogoda denga, umve." Mwala wolimba ulira mwa mtundu wace, mwala wogwedera ulira ngati ng'oma yong'ambika, ndipo wosamva kusiyana kwace sanali kukalamba. Anaphunzira ndi manja, m'gulu, wina kuyang'anira mnzace. Cimene anamanidwa m'masiku a tsankho ndico khomo la cipinda coyesera miyala ndi la ofesi ya woyeza mgodi. Nchito zimenezo zinali za Azungu, ndipo munthu wakuda, angakhale wanzeru cotani, anali kulekezera pa ukapitao. Mdzukulu wace akakhala pa tebulo lozungulira lija, aphunzira monga anaphunzirira agogo ace, koma m'cipinda cimene agogowo anali kungosesamo.

Tiyerekeze phunziro limodzi la ku migodi, kuti muone m'mene gulu lithandizira. Mphunzitsi abwera ndi thumba la miyala ya ku Silobela, nagawira magulu atatu kuti ayese golide ali m'menemo. Mayesedwe ace ndi akale ndithu. Apera mwala, atapako pang'ono, ngati magalamu 30, asakaniza ndi mankhwala a mtobvu ndi zina zosungunulira, naika m'ng'anjo. Mtobvu ukoka golide yense numira naye pansi ngati kabatani. Kabatanika akaika m'kambale kophikidwa ndi phulusa la mapfupa, naochanso. Kambale kamwa mtobvu, ndipo patsala kanjere kakang'ono konyezimira, kamene akacotsa siliva nakayeza pa sikelo. Tsono gulu loyamba lipeza kuti mwalawo uli ndi magalamu 3 pa tani, laciwiri 5, lacitatu 14. Thumba ndi limodzi. Walakwa ndani?

M'kalasi ya kale mwana aliyense akadabisa yankho lace, naonera la mnzace wanzeru. Apa mayankho onse atatu ali pa khoma, ndipo ayenera kukambirana. Wina ati sikelo yanu ndi yonama; aiyesa, aipeza iri bwino. Wina ati munataya kanjere. Potsiriza wina awerengera: tani ndi magalamu 1,000,000, tsono ngati muli magalamu 5 a golide pa tani, m'magalamu 30 aja muli golide wosafika ndi gawo limodzi la magawo asanu a miligalamu. Kacidutswa kamodzi ka golide, kocepa kuposa kanjere ka mcenga, kakagwera m'supuni ya gulu lacitatu nikasowa m'supuni ya loyamba, mayankho asiyana kutali. Palibe wanama, colakwika ndico katapidwe. Ayenera kupera mwala wambiri, kusakaniza bwino, kugawa mwa dongosolo ndi kuyesa kangapo. Mwana amene wadutsa m'mkangano umenewu sadzalola atate ace kugulitsa ng'ombe ndi kugula pampu cifukwa ca mwala umodzi wonyezimira umene wina wabwera nao m'thumba la malaya. Anthu ambiri amira ndi cuma cao mwa njira yomweyi.

Pa tebulo lomwelo angathe kupanga ndi kuyesa kaciwiya kaja kochedwa retort, kamene kagwira nthunzi ya mercury nikaiziziritsa kuti ibwerere m'madzi osalowa m'cifuwa ca munthu. Kapangidwa ndi mapaipi wamba, ndipo mercury yobwererayo igwiranso nchito, kotero wokumba sataya ndarama. Cobvuta si kupanga kwace ai, koma kukopa munthu amene afuna kuona golide wace ndi maso pamene ali pamoto. Apa mpamene wophunzira zitsulo asowa mnzace wophunzira za umoyo, ndi wina wodziwa kulankhula ndi anthu m'cinenero cao. Ndico cifukwa cace nyumba zatsopanozi ziika anthu a nthambi zosiyana pansi pa denga limodzi.

Kunena za cinenero, ndaona kuti ana akamakangana pa funso lowagwira mtima, Cingerezi cithawa. Wina afotokoza m'Cishona, wina ayankha m'Cindebele, wa ku komboni aponyapo Cicewa, ndipo akamvana alemba yankho m'Cingerezi. Aphunzitsi ena akwiya nazo. Ine sindiona colakwa. Malamulo akuru a Zimbabwe a 2013 abvomereza zinenero 16, ndipo Cicewa ciri m'gulu lomwelo. Munthu amene angathe kufotokozera agogo ace m'cinenero cao cifukwa cace nthunzi yosaoneka ipha, ameneyo wamvetsa chemistry.

Sindifuna kukunyengani kuti zonse ndi zosalala. Gulu liri ndi matenda ace. Pakhala mmodzi wokwera pamsana pa anzace, ndi wina wolanda nchito yonse cifukwa adziyesa wanzeru. Ndipo kawirikawiri anyamata agwira zipangizo, mtsikana nampatsa pensulo kuti azilemba. Mphunzitsi wodziwa nchito asinthanitsa maudindo sabata ndi sabata, ndipo pofunsa yankho aloza yense amene afuna, osati wokweza dzanja yekha. Nchito yace icuruka, siicepa: kukonza funso limodzi labwino kutenga nthawi koposa kuwerenga zolemba za caka catha.

Ndiponso pali za ndarama. Cipinda ca matebulo cidya malo ambiri koposa ca mizere, pamene ofuna malo ku Yunivesite acuruka caka ndi caka. Ng'anjo ifuna magetsi osazimazima, ndipo tonse tidziwa m'mene magetsi abvutira m'maiko athu madzi akacepa ku Kariba kapena mu Shire. Mankhwala atha, magalasi asweka, makina afuna mmisiri wowakonza. Nyumba yotsegulidwa ndi nyimbo ndi magule ingathe kukhala yokhoma patapita zaka ziwiri ngati palibe anaganiza za ndarama zogulira asidi. Tsono mukapita kukaona mwana, kaya ku Gweru, kaya ku Thyolo, kaya ku Kitwe, musathere pa kuyamikira utoto ndi magalasi a m'mazenera. Suzumirani m'kati. Onani ngati matebulo ali ndi zipsera za nchito, ngati pampopi paturuka madzi, ndipo mufunse mwanayo kuti, "Sabata ino wagwira ciani ndi manja ako?"

Bvuto lina liyambira kutali ndi Yunivesite. Masukulu ambiri a sekondale a kumidzi alibe cipinda ca sayansi, ndipo mwana afika ku Gweru asanagwirepo botolo loyesera. Koma pa zonse ndanenazi, cochipa koposa ndico tebulo. Kalipentala wa pa Crossroads ku Silobela angathe kulipanga, ndipo ngakhale mabenci akale angatembenuzidwe kuti ana ayang'anane. Funso la mwala ndi dzenje lija silinafune magetsi. Aphunzitsi a ku Loreto, a ku Zhombe ndi a masukulu ena onse amene muli kumva, mungayambe Lolemba likudzali ndi zimene muli nazo.

Kwa inu makolo, kumbukirani kuti wofuna kulowa maphunziro a migodi, a zitsulo kapena a uinjiniya ayenera kugwiritsa masamu, physics ndi chemistry kuyambira ku sekondale; akazitaya pa Fomu 3 cifukwa anzace ati nzobvuta, khomo latsekeka kale. Izi ndi za ana akazi monga za ana amuna. Ku Midlands State University wophunzira acoka m'kalasi caka cimodzi napita kukagwira nchito pa kampani, kaya pa mgodi wa platinum wa Unki ku Shurugwi, kaya wa Mimosa ku Zvishavane, kaya pa ng'anjo za chrome ku Kwekwe, kapena kwina kumene wapeza malo. Malo amenewa ndi osowa, ndipo kawirikawiri mwana afuna ndarama ya nyumba ndi cakudya caka cimeneco. Muyambe kusunga ya caka cimeneco pamene ali m'caka coyamba, ndipo inu amene muli pa nchito m'migodi, mufunsiretu kwa akuru a nchito za masiku olembera makalata opempha malo.